Ngongole ya Fodya ndi ya Banja Lonse

Amayi a kwa Lukwa ndi madera onse a Kasungu, mwezi wa Sepitembala ukafika ntchito ya fodya imayamba kukuitanani. Ndinu amene mumathirira nazale m'mawa ndi madzulo, mumawokera mvula ikagwa, mumathyola masamba, kuwasoka ndi kuwapachika m'chigafa mpaka zala kuda bii. Koma tsiku lolandira ngongole ya feteleza, kawirikawiri amakasayina ndi abambo okha. Kaya muli pachitengwa, kaya abambo ndiwo ali pachikamwini, ngongoleyo idzabwezedwa ndi thukuta la nonse awiri. Motero nkoyenera kuti mudziwe kumene ngongole za alimi zimachokera ndi m'mene zimabwezedwera.

Vuto la mlimi ndi lodziwika kuyambira kale. Feteleza, mbewu ndi mankhwala zimafunika mvula isanagwe, pamene ndalama za fodya zimabwera msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Pakati apa pali miyezi yambiri, ndipo wokongoza amafuna chikole. Munda wa makolo, umene ulibe chikalata cha boma, banki siulandira kawirikawiri ngati chikole. Nchifukwa chake panayambika makalabu a alimi: anthu odziwana amakongola pamodzi, ndipo aliyense amakhala chikole cha mnzake.

Akuluakulu akukumbukira bungwe la boma lotchedwa SACA, limene linakhazikitsidwa mu 1988 pansi pa Unduna wa Malimidwe. Alangizi ndiwo ankalemba makalabu, ndipo alimi ankalandira feteleza ndi mbewu, osati ndalama. Lamulo lake linali lolimba: munthu mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa ngongole chaka chotsatira. Kwa zaka zingapo ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse zinkabwezedwa. Koma kunagwa chilala cha 1992, kenaka kunabwera kusintha kwa ndale mu 1993 ndi 1994, ndipo ambiri anayamba kuganiza kuti ngongole ya boma siyofunika kubweza. SACA inagwa. M'malo mwake mu 1994 inayamba ntchito kampani ya Malawi Rural Finance Company, imene nayonso lero kulibe. Amene anavutika kwambiri ndi mabanja okhulupirika, amene anapeza khomo la ngongole lotsekeka chifukwa cha anzawo.

Pa nkhani ya fodya wa bale, kumbukirani kuti kale lamulo linkalola eni maesiteti okha kulima fodyayu, ndipo mabanja ambiri anabwera ku Kasungu kudzakhala matenanti. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, kudzera m'makalabu. Wokongoza anaukonda fodya chifukwa ndalama zake zimadutsa pakhomo limodzi. Mabelo akagulitsidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ngongole imadulidwa komweko, mlimi asanagwireko ngakhale tambala.

Kuyambira mu 2012, fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula, monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI. Kampani imapereka feteleza, mbewu ndi mlangizi pa ngongole, mwina mwa iyo yokha, mwina mogwirizana ndi banki, ndipo mlimi amalonjeza kugulitsa fodya wake ku kampani yomweyo. Ubwino wake ngwakuti zipangizo zimafika ndipo wogula amadziwika. Koma fodya akagulidwa, ndalama zoyamba kuchotsedwa ndi za ngongole ndi chiwongoladzanja chake. Pamwamba pa izo pamachoka za galimoto yonyamula mabelo, za ziguduli, za msika, za bungwe loyang'anira fodya la Tobacco Commission ndi za bungwe la kafukufuku la ARET. Zotsala ndizo za banja. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Musawerengere malata ndi fizi ya ana poona mabelo ali pakhonde. Werengerani ndalama zimene zalembedwa pansi penipeni pa pepala la malonda.

Mwina mungafunse kuti nchifukwa chiyani ngongole imakula chaka ndi chaka pamene munda ndi womwewo. Yankho lili kutali ndi kwa Lukwa. Feteleza wathu amagulidwa kunja ndi madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, thumba lomwelo linayamba kufuna makwacha ochuluka. Chachiwiri, mabanki amatsatira mlingo wa chiwongoladzanja umene Reserve Bank of Malawi imaika. M'chaka cha 2024 mlingowu unafika pa 26 pa 100, ndipo banki pokongoza mlimi imawonjezera pamenepo. Fodya naye mtengo wake umatchulidwa m'madola. Tsono funsani bwino ngati ngongole yanu yalembedwa m'madola kapena m'makwacha, pakuti kwacha ikagwa pakati pa chaka, kusiyana kwake nkwakukulu.

Ngozi ina imabwera mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka. Ufa ukatha, banja limaganiza zogulitsako thumba la feteleza wa ngongole, kapena kutenga katapila, kapenanso kugulitsa fodya kwa mavenda pa mtengo wolira. Zonsezi zimachepetsa mabelo opita ku msika, pamene ngongole ili chikhalire. Ndipo ngati muli m'kalabu, kulephera kwanu kudzadulidwa pa fodya wa anzanu, ndipo udani umayambira pomwepo. Amayi, nkhokwe ndi yanu. Onetsetsani kuti munda wa chimanga, mtedza kapena soya sukuiwalika chifukwa cha fodya, chifukwa banja lokhala ndi chakudya ndilo limatha kusunga pangano.

Dzina labwino nalonso ndi chikole. Mu 2007 akatswiri anachita kafukufuku pakati pa alimi a paprika a ku Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Dedza. Ena mwa alimiwo anatengedwa zidindo za zala asanalandire ngongole. Zinapezeka kuti amene ankakayikiridwa kwambiri kuti sangabweze, atadziwa kuti sangathe kusintha dzina chaka chamawa, anakongola zochepa ndipo anabweza bwino. Kuyambira mu 2010 dziko lino lili ndi lamulo lolola kusunga mbiri ya okongola, kotero kuti ngongole yothawidwa ikhoza kulitsata banja ngakhale ku banki ina.

Nanga mayi achitepo chiyani? Choyamba, pemphani abambo mwaulemu kuti mukhalepo pamene mlangizi akufotokoza za mgwirizano. Ngati pepalalo lili m'Chingerezi, pemphani kuti likumasuliridwe, pakuti safunsa anadya phula. Dziwani matumba amene mwalandira, mtengo wa thumba lililonse, chiwongoladzanja chake, ndi makilogalamu amene mwalonjeza. Funsaninso chimene chidzachitike matalala akawononga fodya kapena mvula ikadula. Lembani zonsezi m'kope ndi kulisunga pamalo pouma, pamodzi ndi mapepala a malonda.

Chachiwiri, musalole kuti banja likongole za maekala atatu pamene manja alipo ndi a ekala imodzi. Kulemba aganyu kumafuna ndalama zina, ndipo kutulutsa ana m'sukulu kuti akathyole fodya nkulakwira lamulo ndiponso kuwononga tsogolo lawo.

Chachitatu, gwiritsani ntchito banki mkhonde mwanzeru. Ndalama zake ndi zanu zomwe, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu pogawana. Koma ngongole yake ndi ya miyezi yochepa, yoyenera geni ya mandasi kapena tomato, osati fodya wodikira mpaka Epulo. Chothandiza kwenikweni ndi kusunga masheya anu kuti pogawana mugule matumba a feteleza ndi ndalama zanu, ndipo chaka chamawa mukongole zochepa.

Msika ukatha ndalama zikalowa, khalani pansi ndi abambo tsiku lomwelo, kope lija lili patsogolo panu, musanapite ku sitolo ya ku boma. Patulani kaye za feteleza wa chaka chamawa, za sukulu ndi za chakudya. Chitenje chatsopano chidzagulidwa ndi zotsala, ndipo mudzachivala ndi mtima woyera.