Olumikiza zithunzi pa Jenda

M'nyumba zina za kum'mwera kwa Mzimba mwapachikidwa chithunzi cha banja chomwe palibe anachijambula. Bambo aima kumanja mu jekete lachikopa, mayi kumanzere mu yunifolomu ya amayi a Umanyano, ana pakati, kumbuyo kwawo galimoto yonyezimira. Mukachiyang'anitsitsa, dzuwa likuwomba bambo kuchokera uku, mayi kuchokera uko. Bambowo anajambulidwa ku Johannesburg, mayi pakhonde lawo ku Embangweni, ndipo galimotoyo mwiniwake sadziwika. Yemwe anawakumanitsa ndi mnyamata wa situdiyo pa Jenda, pakompyuta yakale yokhala ndi Photoshop yomwe naye anangopatsidwa pa fulashi.

Anyamatawa amajambula zithunzi za pasipoti, amalemba makhadi a ukwati, ena amabenanso nyimbo. Zimenezo ndi za mchere ndi sopo. Luso lili pa kulumikiza.

Ntchitoyi ili ndi msika chifukwa Mzimba ndi boma la amuna opita kujoni. Anayamba kale, m'masiku a Wenela. Kamuzu Banda analetsa Wenela mu 1974, ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, koma njira sinatsekeke. Lero anthu amakwera basi pa M1, kudutsa pa rodibuloko ya Jenda pomwe amayi amagulitsa tomato ndi anyezi, n'kupita zaka. Mwana amakula akudziwa bambo ake pa WhatsApp. Ndiye agogo akafuna chithunzi cha onse pamodzi, sadikira Khirisimasi.

Zopempha zake n'zodziwika. "Achimwene, mundiwalitseko pang'ono nkhope." "Uyu mumuchotsepo, banja linatha." "Nyumba ya udzuyo isaoneke." Mnyamatayo sakana, koma ali ndi madandaulo ake, ndipo lalikulu ndi WhatsApp, yomwe imafinya chithunzi mpaka ukachikulitsa nkhope imasanduka timabokosi. "Auzeni atumize ngati document," amatero, koma wa kujoniyo amatumizanso chimodzimodzi. Kenako tsitsi. Kudula munthu wometa mpala n'kwa mphindi zochepa, koma mayi womanga mesh amatha kudya ola lathunthu, ndipo mtengo ndi umodzi.

Galimoto zija zimachokera pa intaneti, ndipo sindingalumbire kuti zonse zinapondapo msewu. Masewero a pakompyuta othamangitsa galimoto anafika poti chithunzi chake chimanamiza maso. Gran Turismo 4, yomwe inatuluka mu 2004 pa PlayStation 2, inali kale ndi malo oimika galimoto n'kuijambula ngati uli ndi kamera. Kunja kuno osewera amasonkhetsana zithunzi zoterezi mazanamazana, mmodzi mwa iwo n'kulemba pulogalamu yake yozilumikiza kuti zipange chithunzi chimodzi chachikulu. Ukaima patali ukuona galimoto imodzi. Ukayandikira, kachidutswa kalikonse ndi chithunzi pachokha. Njirayi inatchuka ndi Robert Silvers, yemwe analemba pulogalamu yotere ali wophunzira ku MIT ku America cha m'ma 1995.

Kagwiridwe kake sikovuta kukamva. Pulogalamu imagawa chithunzi chachikulu m'timabokosi, tinene 50 chopingasa ndi 50 chotsika, onse pamodzi 2,500. Imayeza mtundu wa kabokosi kalikonse n'kufunafuna m'mulu wa zithunzi zosonkhedwa chomwe chikufanana nako, monga amachitira mayi wa tomato posankha wofiira payekha, wosapsa payekha. Chovuta ndi muluwo. Zithunzi za mpikisano zimadzaza phula, udzu ndi thambo; ukafuna mtundu wina umasowa, pulogalamu n'kumabwereza chithunzi chomwechomwecho, kapena kuchipaka utoto pamwamba, chomwe ena okonda lusoli amachiona ngati kubera.

Mnyamata wa pa Jenda mulu ali nawo, woposa wa osewerawo. Kompyuta yake yadzaza nkhope za pasipoti, maukwati, zinkhoswe, ana a Fomu 4 atavala tayi. Angapange nazo chithunzi chachikulu cha phiri la Hora. Koma angachisindikize pati? Pulinta yake imathera pa pepala la A4, pomwe chithunzi chotere chimafuna ukulu wa chitseko kuti tizithunzito tioneke. Inki ndi mapepala zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera, koma kasitomala amabwerabe ndi mtengo wakale m'mutu. Magetsi akathima chithunzi chili pakatikati, ayambirenso. Ine ndikadaonjeza vuto lina lomwe iye salitchula: anthu aja anabwera kudzajambulitsa kuti apeze pasipoti, sanapereke nkhope zawo kuti zikhale njerwa za chithunzi cha wina. Ena mwa iwo anawoloka malire mosafuna kuti anthu adziwe.

Chomwe chikuwadya anyamatawa tsopano ndi foni. Mapulogalamu a m'foni akuchotsa zakumbuyo kwa munthu ndi chala chimodzi, ndipo mtsikana wa kusekondale amabwera atalumikiza kale, tsitsi litadulidwa mokhotakhota. "Mungondipulintira." Mnyamatayo amaona zolakwika zonse, koma akazikonza palibe womulipira, choncho amangodina.

Ntchito yomwe foni sinalande ndi ya maliro. Uthenga umafika madzulo kuti thupi lanyamuka ku Joni, ndipo abale akufuna chithunzi cha papulogalamu ndi china cha mu felemu choika pa bokosi. Chomwe ali nacho ndi kachithunzi kofufuma ka pachiphaso, kapena ka pagulu pomwe malemuyo wagwira botolo. Mnyamatayo amachotsa botolo, amabwereka suti ya munthu wina, amawongola phewa, amasamala kuti asasinthe mphuno chifukwa mayi ake a malemu azindikira msanga. Amagwira usiku, nthawi zina pa jenereta. Za ndalama amauzidwa kuti akambirana mwambo ukatha, achimwene akatumiza pa Mukuru, ndipo pamaliro munthu sakakamira mtengo.