Galu wamantha ndiye amaluma

Pa ntchito yanga yoyendera alimi ndinalumidwapo kamodzi, ndipo galuyo sanali wolusa ayi, koma wamantha. Galu wotere amapinda mchira, kugonetsa makutu ndi kuonetsa mano. Akasowa kothawira, amaluma.

Alimi anzanga, kumumenya kapena kumumanga pa unyolo tsiku lonse kumangoonjezera manthawo. Mpatseni malo akeake obisalako alendo akabwera. Ana asamuthamangitse kapena kumugwira akudya. Mlendo asamuyang'anitsitse m'maso, koma amuponyere chakudya ali chapatali.

Koma galu wofatsa akasintha mwadzidzidzi n'kumatuluka dovu, ganizirani za chiwewe ndipo itanani alangizi a ziweto. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala. Musaiwale kubayitsa galu wanu katemera chaka chilichonse.