Chifunga, nkhungu ndi zilembo za METAR

Ife tikati "chifunga" kapena "nkhungu" sitiyeza mamita ayi, ambirife timangosinthanitsa mawuwa. Koma METAR, lipoti la nyengo limene oyendetsa ndege amawerenga asanatere, limasiyanitsa. Likalemba FG ndiye kuti maso sakufika mamita 1,000, ndipo kutera kungavute. BR ndi pamene munthu akuona kuyambira mamita 1,000 mpaka 5,000.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti BR sichokera ku Chingerezi, koma ku Chifalansa, brume. Chimodzimodzinso GR, grêle, matalala, ndi FU, fumée, utsi. Ndiye mukaona FU pa lipoti la FWKI, bwalo la ndege la Kamuzu, musaganize kuti alakwitsa polemba FG. Ndi utsi ndithu, monga uja wa moto wa m'tchire.