Bajeti Yotsata Ntchito Imene Yachitika

Mikangano yambiri pa za ndalama imayamba pamene munthu afanizira zimene anaganiza kugwiritsa ntchito ndi zimene zatulukadi m'thumba, napeza kuti sizikugwirizana. Pomwepo mtima umathamangira kunena kuti wina waba kapena wasakaza. Komatu akatswiri a zoŵerengera chuma ali ndi njira yabwino yoŵeruzira mlandu wotere, ndipo ingathandize telala, mlimi kapena msungichuma wa bungwe lililonse.

Tiyerekeze kuti telala wina anakonza zosoka mayunifomu 40, iliyonse ya mamita 2 a nsalu, mita imodzi pa K5,000. Bajeti yake ya nsalu inali K400,000. Mwezi utatha, anapeza kuti walipira K605,000. Kodi K205,000 yonseyo yatayika? Iai. Makolo anabwera ambiri, ndipo anasoka mayunifomu 50. Tsono choyamba nkukonzanso bajeti kuti ilingane ndi ntchito imene yachitika: mayunifomu 50 amafuna mamita 100, ndiyo K500,000. Chotero K100,000 ndi ndalama ya ntchito yoonjezera, imene yabweretsanso phindu lake. Imeneyi ndiyo bajeti yosinthika.

Yatsala K105,000, ndipo apa mpofunika kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Poyang'ana malisiti, telala apeza kuti anagula mamita 110, ndiponso kuti mita inakwera kufika pa K5,500. Kusiyana kwa mtengo ndi K500 pa mamita 110, ndiyo K55,000. Kusiyana kwa kagwiritsidwe ndi mamita 10 opitirira muyeso, pa mtengo wakale uja, ndiyo K50,000.

Magawo aŵiriŵa ali ndi eni ake osiyana. Kukwera kwa mtengo si mlandu wa mnyamata wodula nsalu. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera, ndipo panalibe wantchito amene akanaletsa zimenezo. Mankhwala ake nkufuna sitolo ina kapena kukonzanso mtengo wa yunifomu. Koma mamita 10 aja ayenera kufunsidwa m'nyumba momwemo: kodi kadulidwe nkolakwika, kapena ana a chaka chino ndi akuluakulu?

Nzeru imeneyi inakhwima m'mafakitale a ku Amereka. G. Charter Harrison anafalitsa masamu ogaŵira kusiyana kotere mu 1918, ndipo kampani ya General Motors inkagwiritsa ntchito bajeti yosinthika m'zaka za m'ma 1920.

Tichenjerenso ndi kusiyana kooneka ngati kokoma. Wogula nsalu yotsika mtengo angaoneke ngati wapulumutsa ndalama, koma ikasuluka pochapa koyamba, makolo sadzabweranso. Manambala amangoloza pamene tiyenera kufunsa, ndipo yankho timalipeza pokambirana ndi ogwira ntchitoyo. Tisanaloze munthu chala, tiyambe taŵerenga ntchito imene yachitika, kenaka mtengo, kenaka muyeso.