Za Limba Lopanda Zitoliro, ndi Poika Masipika Ace

Ambiri a ife tinakula ndi limba laling'ono lopopa ndi mapazi, limene mphepo yace icokera m'mvukuto wa mkati. Ine ndinaliphunzira ku seminale, ndipo ndikumbukira kuti miyendo inali kutopa zala zisanatope. Koma m'machalichi akuru a ku Ulaya muli limba lina, la zitoliro zazitsulo ndi zamatabwa, ndipo Eklezia alicitira ulemu ndithu. Msonkhano waciwiri wa Vatican, m'kalata yace ya za mapemphero ya caka ca 1963, unalamula kuti limba la zitoliro lilemekezedwe koposa, nulola kuti zoimbira zina zilowe m'chalichi ngati akuru a Eklezia a dzikolo abvomera.

Limba lotere ndi la mtengo wapatali, ndipo ciswe ndi cinyontho ziri adani ace. Tsono anthu anzeru anapeza njira yina. Amapita ku limba lenileni, najambula mau a citoliro ciri conse pa cokha, nawasunga m'kompyuta. Ndipo woimba akadinda kiyi, kompyuta iturutsa mau a citoliro comweco. Mngerezi wina, Martin Dyde, anaturutsa pulogalamu yocita zimenezi, dzina lace Hauptwerk, m'caka ca 2002. Iliponso yina yaulere, GrandOrgue. Ku New York, pamene fumbi la nyumba zazitali zimene zinagwa pa 11 September 2001 linaononga limba la chalichi ca Trinity Church, anaikamo limba la kompyuta m'caka ca 2003, ndipo linawatumikira zaka zambiri.

Apa ndipo pamene ambiri aphonya. Amataya ndalama zao zonse pa gome lokongola la makiyi, lonyezimira ngati bokosi la mfumu, ndipo pa zotsalazo agula masipika awiri okha. Tsiku la Misa yoyamba adabwa kuti limba lao likulira ngati wailesi ya m'sitolo. Ine nditi, gome likhale losauka ngati kuyenera kutero, koma masipika akhale ambiri, ndipo aikidwe pa malo oyenera.

Taonani cifukwa cace. Mzere umodzi wa makiyi a manja uli ndi makiyi 61, ndipo mtundu uli wonse wa mau uli ndi citoliro cace pa kiyi iri yonse. Limba la mitundu 20 likhala ndi zitoliro zoposa 1,000. Woimba akatsegula mitundu khumi nadinda makiyi anai, zitoliro 40 zilira nthawi imodzi, ciri conse pa malo pace, ndi pakamwa pace, ndipo mau ao akomana mumlengalenga m'chalichimo. Ziri monga kwaya ya anthu 40, yense ndi m'mero wace. Nanga mukati munthu mmodzi aimbe mau onse 40 ndi m'mero umodzi, cidzaturuka nciani? Sipika iri ndi cipepala cimodzi cimene cinjenjemera. Cikamakankhidwa kwambiri ndi mau akuru a pansi, mau ang'ono a pamwamba amene akwera pa cipepala comweco apotoka, ndipo pabadwa mau ena acilendo amene woimba sanawadinde. Khutu liwamva ngati zaukali ndi matope. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani iyi ananena zoona zenizeni.

Cifukwa cace mauwo agawidwa. Kompyuta ikhoza kutumiza mtundu uwu ku sipika iyi ndi mtundu uwo ku sipika iyo. Ikhozanso kugawa makiyi, kuti awiri oyandikana asaturukire pamodzi. Imeneyi si nzeru yatsopano ai, pakuti amisiri akale anali kuika citoliro ca C ku dzanja limodzi ndi ca C# ku dzanja lina, mosinthana comweco mpaka kumapeto. Njira iri yonse ya mau ifuna waya wace ndi cokuzira cace, ndiponso bokosi loturutsa mau m'kompyuta liyenera kukhala ndi makomo okwanira. Musagule la makomo awiri. Gulani la makomo 8 kapena 16, ngakhale mutayamba ndi masipika anai okha, kuti caka ca mawa, mukagulitsa mtedza, muonjeze ena osataya zakale.

Mukandifunsa za chalichi ca parishi ca msinkhu wapakati, ndikadati masipika anai a mzere waukuru wa makiyi, awiri a mzere waciwiri, awiri a makiyi a mapazi, ndi limodzi lalikuru la mau a pansi. Lalikuru limeneli nlofunika, pakuti citoliro ca mapazi 16 cinjenjemera pafupifupi ka 33 pa sekondi imodzi, ndipo sipika wamba siikhoza kufika pamenepo. Mau otere khutu silidziwa bwino kumene acokera, tsono mukhoza kuliika pansi m'ngodya. Koma yesani msanga, pakuti malata omasuka ndi magalasi a mazenera adzayamba kuimba nyimbo yao yao, ndipo mmisiri ayenera kukwera ndi misomali.

Za malo ace ndinene pang'onopang'ono, cifukwa zitsutsana ndi zimene tizolowera. Sipika ya wansembe tiilozetsa kwa anthu kuti mau a ulaliki amveke bwino. Ya limba siitero. Iikidwe pamwamba, kupitirira mitu ya anthu, niyang'ane ku denga kapena ku khoma, kuti mau ayambe agunda nyumba, nabwerera kwa anthu atafewa ndi kusakanizika. Agogo okhala pa benchi loyamba asagonthe m'makutu pamene a ku khomo sakumva kanthu. Ndiponso musalowetse limba m'masipika a ulaliki, ngakhale wina atakuuzani kuti mudzapulumutsa ndalama.

Masipika onse akhale pamodzi mbali imodzi, monga zitoliro zikhalira m'nyumba yao, ndipo mbaliyo ikhale pafupi ndi kwaya ndi woimba limba. Mau ayenda mamita 343 pa sekondi imodzi. M'chalichi ca mamita 34, amene acokera ku khomo afika ku guwa atacedwa ndi gawo limodzi la magawo khumi a sekondi. Kucedwa kumeneku kuoneka kwacabe, koma kukwanira kuti kwaya ikoke kwina ndi limba kwina, ndipo nyimbo ya Ulemu ikhale ngati ngolo ya ng'ombe zosamvana.

Cinanso ndi ici. Mau ojambulidwa ali a mitundu iwiri: ena anajambulidwa patali, pamodzi ndi kulira kwa chalichi cimene limbalo liri, ena pafupi ndi citoliro, opanda kulirako. Oyambawo akoma m'cipinda ca m'nyumba. M'chalichi ca njerwa ndi simenti, cimene cilira kale cokha, sankhani aciwiriwo, kuti kulira kusakwere pa kulira kunzace. Ndipo poyesa kukula kwa mau, yesani tsiku la Mulungu anthu atadzaza, cifukwa matupi ndi nsaru zimeza mau ambiri, ndipo cimene cinali cokwanira Loweruka m'nyumba yopanda anthu cidzacepa.

A bungwe la parishi asaiwale za magetsi, kuti pakhale cochinjiriza ku mphenzi ndi batire losunga kompyuta magetsi akazima pakati pa Misa. Aikenso sefa ya waya pamaso pa masipika, cifukwa mileme ndi mavu akonda mabokosi a pamwamba. Musanakhome kanthu pa khoma, funsani Abambo Mfumu, ndipo bwerekani makwerero, muyese malo awiri kapena atatu, wina akuimba ndi wina akuyenda m'mabenchi onse kumvetsera.