Musanagule Tikiti Yopita kwa Aluya, Yambani Mwayezetsa Chiwindi

Amayi anzanga, masiku ano nkhani yopita kunja kukagwira ntchito sikuchoka pakamwa. Pamsika wa Manje, pampopi ngakhale kumsonkhano wa banki m'khonde, mumva kuti mwana wa auje ali ku Dubai, mlamu wa auje akukonza zopita ku Kuwait, pamene wina walonjezedwa ntchito ya m'nyumba ku Oman. Palibe amene angawadzudzule. Chichitikire cha namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche inakokolola nyumba kuno ku Manje ndi ku Chilobwe, mabanja ambiri sanadzukebe. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu, ndipo mitengo ya ufa, sopo ndi lendi inakwera. Tsono mayi akamva za malipiro a ndalama zakunja, mtima umadumpha.

Komatu paulendo umenewu pali khomo limodzi lopapatiza limene anthu okopa anzawo sakonda kulitchula. Khomo lake ndi kuyezedwa magazi. Mayi angathe kukhala ndi pasipoti, tikiti ndi kalata ya bwana, koma ngati m'magazi mwake mwapezeka kachirombo ka matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B, chilolezo chokhalira m'dzikomo sichituluka, ndipo amabwezedwa kwawo chimanjamanja. Nkhaniyi ndi yofunika kuti mayi aliyense aidziwe, kaya wofuna kupita ndi iye mwini, mwana wake kapena mwamuna wake.

Lamulo lake likuti chiyani?

M'maiko a Aluya monga Saudi Arabia, Kuwait, Qatar, Oman ndi United Arab Emirates, kumene kuli mzinda wa Dubai, mlendo wodzagwira ntchito sapatsidwa chilolezo chokhalitsa asanapimidwe ndi madokotala a kumeneko. Viza imene munthu amalowera m'dzikomo ndi yongoyambira. Akafika amatengedwa magazi ndi kujambulidwa pachifuwa, ndipo pepala limatuluka lonena kuti ngwoyenera kugwira ntchito kapena ngwosayenera. Pa mndandanda wa matenda amene maiko amenewa amafufuza pali HIV, chifuwa chachikulu cha TB ndi matenda a chiwindi.

Ku United Arab Emirates, kuyambira mu 2010, sikuti mlendo aliyense amayezedwa Hepatitis B ayi. Amene amayezedwa ndi ogwira ntchito za m'nyumba, olera ana, a m'sukulu za mkomba phala, ophika ndi operekera zakudya, a m'masaluni ndi ometa, ndiponso a m'malo olimbitsira thupi. Taonani bwino mndandanda umenewu. Kodi si ntchito zomwezi zimene amayi ndi atsikana athu amaitanidwira? Kuwonjezera apo, mayi wopita kukagwira ntchito ya m'nyumba amayezedwanso ngati ali ndi pakati, ndiponso ngati ali ndi chindoko. Ndipo kupimidwako sikwa tsiku limodzi lokha, popeza munthu amapimidwanso nthawi yokonzetsa chilolezo chake ikakwana.

Zimenezi si zachilendo kwa ife

Amene munakula nthawi ya Wenela ndi Theba mukukumbukira kuti pafupifupi mudzi uliwonse unali ndi bambo kapena malume ku migodi ya ku Joni. Ulendo umenewu unatha ndi nkhani ya magazi yomweyi. Eni migodi ku South Africa ananena kuti Amalawi pafupifupi 200 anapezeka ndi HIV, ndipo anapempha boma la Malawi kuti liziyeza mwamuna aliyense asananyamuke. Boma lathu linakana. Zotsatira zake zinali zakuti pakati pa 1988 ndi 1992, amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi, odwala ndi osadwala omwe. Ana anasiya sukulu, nyumba zinaima pa mawindo, ndipo amayi ndi amene anasenza mtolo wodyetsa mabanja. Phunziro lake ndi lakuti dziko la eni likaika lamulo la zaumoyo, mlendo alibe pokadandaula. Chimene tingathe ife ndi kudziwiratu tisananyamuke.

Kodi Hepatitis B ndi matenda otani?

Ameneyu ndi kachirombo kamene kamakhala m'magazi ndi kuwononga chiwindi pang'onopang'ono. Choopsa chake ndi chakuti munthu angathe kukhala nako zaka 20 kapena 30 ali wonenepa, akulima ndi kusenza mitolo, osamva kupweteka paliponse. Ena okha ndi amene amaonetsa chikasu m'maso, mkodzo wakuda ndi kufooka. Pakapita zaka, mwa anthu ena chiwindi chimauma ndi kuchita zipsera, mimba nkudzaza madzi, kapenanso kuyamba khansa. Nthawi zambiri zikafika pamenepa timathamangira kunena kuti munthu walodzedwa kapena wadyetsedwa, chikhalirecho ndi kachirombo kamene kanalowa kalekale.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachiromboka, ndipo 65 miliyoni mwa iwo anali muno mu Africa. Mwa anthu 100 alionse amene anali nako, 13 okha ndi amene ankadziwa. Kuno kwathu, kafukufuku amene anachitika ku Ndirande pakati pa 2016 ndi 2018, momwe anayeza anthu oposa 6,000, anapeza kuti mwa akuluakulu 100, asanu anali ndi kachiromboka. Ndiye kuti pagulu la amayi 20 amene timakhala nawo pamkeka kusonkha masheya, si chodabwitsa ngati mmodzi ali nako iye osadziwa.

Chimene ndikufuna kuti mumvetsetse ndi njira imene kamalowera. Kuno ku Africa anthu ambiri anakatenga ali makanda, kuchokera kwa mayi pa nthawi yobadwa, kapena ali ana aang'ono kudzera m'zilonda ndi magazi a anzawo. Khanda likatenga kachiromboka, mwa khumi, asanu ndi anayi amakhala nako moyo wonse, pamene munthu wamkulu akakatenga, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha m'miyezi isanu ndi umodzi. Kamalowanso pobwerekana lezala, potemera mphini ndi lumo limodzi, poboola makutu ndi singano imodzi, pobayidwa jakisoni ndi anthu osaphunzira, pobwerekana mswachi, ndiponso pokhala malo amodzi mwamuna ndi mkazi. Koma sikafala podyera mbale imodzi, pogwirana chanza, potsokomola, ngakhale podya nsima yophikidwa ndi munthu amene ali nako.

Apa mutha kuona nokha kuti lamulo lija ndi lolemera pa mayi wosauka. Wophika amene ali ndi kachiromboka sangapatsire banja la bwana kudzera m'chakudya, makamaka ngati anthu a m'nyumbamo analandira katemera. Maiko ena anazindikira zimenezi. Dziko la China, kumene kuli anthu ochuluka zedi amene ali ndi kachiromboka, linaletsa mu 2010 kuyeza Hepatitis B polemba anthu ntchito ndi polowa sukulu. Koma kaya lamulo la kwa Aluya ndi lachilungamo kaya ayi, likugwira ntchito, ndipo limene lingatipulumutse ndi kuchenjera kwathu.

Chimachitika nchiyani munthu akabwezedwa?

Ulendo wotere suyendeka popanda ndalama. Pamafunika ya pasipoti, ya ejenti, ya zovala ndi chikwama. Ena amakongola ku banki m'khonde, ena amatenga katapila, ena amagulitsa malo kapena makina osokera amene ankadyetsa banja. Munthu akabwezedwa patangotha masabata ochepa, amafika alibe malipiro ngakhale a mwezi umodzi, koma ngongole ikumudikira pakhomo, chiwongoladzanja chikukwera. Ejenti uja foni yake siipezekanso.

Palinso choopsa china. M'maiko amenewa wantchito amakhala m'manja mwa bwana amene anamuitanitsa, mwa dongosolo lotchedwa kafala, ndipo mabwana ambiri amalanda pasipoti. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anazunzika m'nyumba za eni ku Oman, ndipo inanena kuti boma lathu linawononga ndalama zoposa madola 160,000 pobweza amayi 54. Mayi amene walowa m'dziko pa viza ya mlendo wongocheza, kenaka nkulephera kupimidwa, angathe kunyengedwa kuti azigwira ntchito mobisala popanda mapepala. Pamenepo ndiye kuti walowa m'dzenje, chifukwa sangapite kupolisi ngakhale kuchipatala mopanda mantha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo chilonda chachikulu chimakhala cha m'banja. Mayi akabwera ndi mbiri yakuti magazi ake akanidwa, anthu amayamba kunong'onezana, apongozi amayang'ana kumbali, bambo amafunsa kuti matendawa wawatenga kuti. Mabanja angathe kupasuka pa chinthu chimene mayiyo anabadwa nacho. Inu amene mwawerenga nkhaniyi, khalani oyamba kuwongola maganizo otere pakati pa anzanu. Kupezeka ndi Hepatitis B si umboni wa chiwerewere.

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, kayezetseni konkuno musanapereke ndi tambala yomwe kwa munthu aliyense. Pitani kuchipatala mukanene momveka kuti mukufuna kuyezedwa Hepatitis B ndi C, popeza kuyezetsa HIV kokha sikuonetsa matendawa. Ngati pachipatala chaching'ono palibe zipangizo, funsani kuti akulozereni koyenera, monga ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Ndalama ndi nthawi imene mungataye pa tsiku limodzi limeneli ndi yochepa poyerekeza ndi ngongole ya ulendo wolephereka. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, musayerekeze kugula pepala labodza lonena kuti muli bwino. Pepala la kuno silikuthandizani kanthu, pakuti magazi anu akatengedwanso mukafika. Amene akukugulitsani pepala lotere akukugulitsani tsoka.

Chachitatu, ngati mulibe kachiromboka, funsani za katemera. Wamkulu amabayidwa katatu m'kati mwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo amatetezedwa zaka zambirimbiri. Kuno ku Malawi katemerayu anayamba kuperekedwa kwa ana kusikelo mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. Kafukufuku wa ku Ndirande uja anaonetsa phindu lake: mwa ana obadwa katemerayu atayamba, atatu okha mwa 1,000 ndi amene anapezeka ndi kachiromboka. Choncho mtsikana wobadwa 2002 isanafike ndiye ayenera kusamala koposa, ndipo wobadwa pambuyo pake afufuze m'kabuku kake ka kusikelo ngati anamaliza jakisoni onse atatu.

Chachinayi, ngati mwapezeka nako, musataye mtima. Ulendo wa kwa Aluya ndiye walephereka, koma mwapulumutsa moyo wanu podziwa msanga. Adokotala adzaona mmene chiwindi chilili ndi kukuuzani ngati muyenera kuyamba mankhwala. Mankhwala ake ndi tenofovir, amene alinso m'gulu la ma ARV, ndipo amafooketsa kachirombo ndi kuteteza chiwindi. Dziwani kuti kawirikawiri safafaniza chizindikiro chimene amafufuza poyeza magazi, motero musanyengedwe ndi ogulitsa zitsamba ndi timabotolo amene amati amatsuka magazi kuti mukapambane kupimidwa. Zambiri mwa zimenezo zimangolemetsa chiwindi chodwala kale. Lekani mowa, makamaka kachasu, ndipo pewani mtedza ndi chimanga chochita chuku, chifukwa poizoni wa chuku akakumana ndi kachiromboka amafulumizitsa khansa ya chiwindi. Tengani bambo ndi ana kuti nawonso akayezedwe, ndipo amene alibe abayitse katemera. Mukakhala ndi pakati, auzeni anamwino kusikelo kuyambira tsiku loyamba, pakuti pali njira zotetezera khanda, ndipo WHO imalangiza kuti mwana alandire katemera woyamba pasanathe maola 24 chibadwireni.

Kunena za Hepatitis C, iyeyu alibe katemera, koma amachizika ndi mapiritsi omwa kwa masabata 12. Chokhacho, chipsera chake m'magazi chimaonekabe poyeza ngakhale munthu atachira, choncho sungani mapepala onse a kuchipatala.

Chachisanu, musanasaine chilichonse, funsani ku ofesi ya zantchito ya boma ngati amene akukutumizaniyo ngwovomerezeka. Pangano likhale lolembedwa m'chilankhulo chimene wina wa pabanja panu angathe kuwerenga, ndipo linene poyera kuti mukalephera kupimidwa, tikiti yobwerera adzalipira ndani, nanga ndalama zanu zidzabwezedwa zingati. Ejenti akamazemba funso limeneli, bwezani ndalama zanu m'chitenje. Jambulitsani pasipoti ndi panganolo, mapepalawo atsale ndi abale kunyumba.

Inu atsogoleri a magulu a amayi, ya mpingo, ya banki m'khonde ndi ya chitukuko, ntchito ina ili m'manja mwanu. Mayi akabwera kudzapempha ngongole ya ulendo wakunja, mufunseni mwachikondi ngati wayezetsa chiwindi, ndipo m'perekezeni ngati akuchita mantha. Itanani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzalankhule pamsonkhano wanu, makamaka chakumapeto kwa Julayi, popeza pa 28 Julayi dziko lonse limakumbukira matenda amenewa. Mnzanu amene wabwezedwa, mulandireni pagulu, m'patseni nthawi yokwanira yobwezera ngongole, ndipo muthandizeni kuyamba kabizinesi konkuno. Mutu umodzi susenza denga, amayi anzanga, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.