Moto Woyaka Mvula Ikugwa

Ndagi! Ndamva mwayankha kuti gize. Nayi: moto wanga umayaka mvula ikugwa, koma suwotcha udzu ndipo sungaphikire nsima. N'chiyani chimenecho?

Ana a kwa Katuli, inu amene mumatsagana ndi amayi kokazula bowa kapena kokatola masuku m'mphepete mwa nkhalango ya Namizimu, mwina yankho munaliona kale ndi maso anu. Ndi duwa lofiira losakanikirana ndi chikasu, limene limalendewera pa zitsamba nyengo ya dzinja. Ukaliona patali umayesa wina wasiya kamoto pa nthambi. Angerezi amalitchula flame lily, kutanthauza duwa looneka ngati lawi la moto. Kumbukirani kuti lawi likachuluka timati malawi, ndipo limeneli ndi dzina la dziko lathu. Akatswiri a zomera padziko lonse amalidziwa ndi dzina lakuti Gloriosa superba, limene katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, analipatsa m'chaka cha 1753. Mawu awiriwa ndi a Chilatini, ndipo onse akutama ulemerero ndi kukongola kwa duwali.

Limakwera bwanji lopanda manja?

Tsinde la chomerachi ndi lowonda ndi lofooka, moti palokha silingaime nthawi yaitali. Nzeru yake ili pa masamba. Tsamba lililonse limasongoka, ndipo kunsonga kwake limapiringizika ngati mchira wa nanzikambe. Kansonga kameneka kakakhudza kanthambi kapena udzu wautali, kamakulunga n'kugwira zolimba. Tsamba lina limagwira pamwamba pake, lina pamwamba pakenso, mpaka chomeracho chitapitirira msinkhu wa munthu wamkulu.

N'chifukwa chake duwali limakonda m'mphepete mwa nkhalango ndi m'zitsamba zowirira. Kunsi kwake kumakhala pa mthunzi, m'dothi lachinyontho lodzaza masamba owola, pamene maluwa amasuzumira kumwamba komwe kuli kuwala.

Bwanji likuoneka ngati latembenuzika?

Likadali lofunga, duwali limaweramira pansi ndipo limakhala lobiriwira. Likayamba kumasula, timasamba take 6 timapindikira m'mbuyo n'kuloza kumwamba, m'mphepete mwake muli mokhotakhota ngati moto wopemereredwa ndi mphepo. Masiku akamapita, chikasu chimachepa ndipo kufiira kumakula. Choncho pa chomera chimodzi mutha kudziwa duwa lakhanda ndi duwa lokalamba pongoyang'ana mtundu.

Pansi pa timasambato pali timiyendo 6 totambasuka mbali zonse. Kunsonga kwa kamwendo kalikonse kuli kathumba ka ufa wotchedwa mungu. Palinso kandodo kamodzi kosiyana ndi tinzake, kamene kamapindika mwadzidzidzi n'kuloza cham'mbali. Kandodo kameneka ndi kolandirira mungu wochokera ku duwa lina. Mungu ukapanda kufika pamenepo, njere sizingabereke.

Amanyamula munguwo ndani?

Za mungu mumazidziwa kale kumunda. Pa chimanga, mphepo ndiyo imagwetsa mungu kuchokera ku ngayaye kupita pa ndevu. Pa maungu, njuchi ndizo zimagwira ntchitoyo, kulowa m'duwa ili n'kutulukira m'duwa ilo. Koma mlendo wokondedwa wa duwa lathu lamotoli ndi gulugufe.

Gulugufe amabwera kudzayamwa timadzi totsekemera tobisika patsinde pa timasamba tija. Ali kalikiliki kuyamwa, mapiko ake amakhudza timatumba ta mungu, ufawo n'kumatirira kunsi kwa mapikowo. Akaulukira pa duwa lina, mapiko omwewo amakhula kandodo kopindika kaja. Mwaona tsopano chifukwa chake kamaloza cham'mbali? Kamadikirira pomwe phiko la gulugufe lidutse. Gulugufe wakhuta, duwa lalandira mungu, palibe amene wabera mnzake. Pambuyo pake pamamera kachipatso ka zigawo 3, ndipo kakauma kamang'ambika n'kuonetsa njere zofiira zozungulira.

Chilimwe limathawira kuti?

Mvula ikatha, tsinde ndi masamba zimauma mpaka kusowa. Koma chomeracho sichinafe. Pansi pa nthaka pali muzu wonenepa, wopindika ngati chilembo cha V, umene umasunga chakudya ndi madzi. Muzuwo umagona miyezi yonse yopanda mvula, ndipo mvula yoyamba ikanyowetsa nthaka, umatulutsa mphukira yatsopano.

Apa tcherani khutu kwambiri

Chomera chonsechi ndi chapoizoni: masamba, maluwa, njere, makamaka muzu uja. Muli mankhwala amphamvu otchedwa colchicine, amene angaphe munthu komanso ziweto. M'mayiko ena anthu afapo atadya muzuwo poyesa ndi chilazi. Madokotala amagwiritsa ntchito colchicine pochiza mtundu wina wa nyamakazi wotchedwa gout, koma amachita kuyeza pang'ono zedi ndipo amapereka ngati mapiritsi opangidwa ku fakitale. Si zoyeserera kunyumba. Musakumbe muzu wake, musatafune tsamba lake, ndipo musasewere ndi njere zake ngakhale zikukopeni. Mwana akadya mbali iliyonse ya chomerachi, akuluakulu athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe wasanza.

Duwa lodziwika kutali

Agogo amene anakagwirapo ntchito ku Halale angakuuzeni kuti ili ndi duwa la fuko la Zimbabwe, ndipo malamulo a kumeneko amaliteteza kuti anthu asamalithyole ndi kuligulitsa mwachisawawa. M'chaka cha 1947, dzikolo likadali Southern Rhodesia, ana a sukulu anasonkha tindalama tawo n'kugulira Elizabeth, mwana wa mfumu ya ku Britain, mphatso pamene ankakwanitsa zaka 21. Mphatsoyo inali chokongoletsera cha pachovala cha miyala ya dayamondi, chosulidwa m'maonekedwe a duwa lomweli. Iye anachivala pobwerera kwawo kuchokera ku Kenya mu 1952, bambo ake atamwalira, atangokhala mfumukazi. Ku India nakonso, chigawo cha Tamil Nadu chinalisankha kukhala duwa lake. Pamene ena amalisula ndi dayamondi, ife limatimerera lokha kuseri kwa munda.

Inu mungachitepo chiyani?

Muzu uja umapirira chilimwe, koma sungapirire khasu ndi nkhwangwa. Zitsamba zikatha chifukwa cha makala ndi kutsegula minda, chomerachi chimasowa mthunzi ndi pokwera, agulugufe nawo n'kusamuka. Ndiye likamera pa mpanda wa kwanu kapena m'malire a munda, pemphani makolo alisiye, koma mbuzi ndi ana aang'ono asalifikire. Munthu wamkulu atha kuzika kamtengo pambali pake kuti lipeze pogwira.

Dzinja lino, mukalipeza, khalani chete chapatali pang'ono ndipo muwerenge agulugufe amene aterepo. Jambulani duwalo m'kope mwanu, osaiwala kandodo kopindika kaja. Madzulo mukafunse agogo dzina lake m'Chiyao kapena m'Chichewa, mulilembe pansi pa chithunzicho. Moto umenewu timauwotha ndi maso okha, manja ali kumbuyo.